Safunsa adadya phula, ine ndidadya penti ya mlamu

Lamulungu lililonse dzuwa likafika paliwombo, mukatsikira kugombe la Senga Bay mudzapeza ntchito zitatu zikuchitika m'madzi amodzi. Apa amayi akutsuka mbale ndi kuchapa zovala, apo ana akusambira, ndipo chapoteropo galimoto yaimitsidwa matayala akutsogolo ali m'madzi, mnyamata wovula malaya akuikhula ndi chisanza, uku wailesi ikuphulika. Mwini galimoto amakhala ali pamthunzi, botolo lili m'manja, akuyang'ana chuma chake chikusamba, mtima uli m'malo.

Kwa chaka ndi theka munthu wokhala pamthunziyo ndidali ine. Galimotoyo sidali yanga ayi. Idali ya mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, ndipo zomwe ndidaichita galimoto imeneyo ndi zomwe zandikhalitsa pansi lero kuti ndilembe, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mlamu wangayu amawotcherera zitsulo ku Johannesburg. Adasunga ndalama kwa zaka zinayi, akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi, mpaka pakati pa chaka cha 2022 adaitanitsa Toyota Sienta kuchokera ku Japan. Idatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pachipata cha Songwe, njira yomwe galimoto zambiri zomwe mukuziona m'misewumu zidadzera. Idali yabuluu woderako, yonyezimira mwakuti anyamata oitanira pasiteji ankadziyang'anirapo nkhope. Pangano lathu lidali lakuti ine ndiziiyendetsa ngati takisi kuchokera pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, ndalama ndizipereka kwa mlongo wanga sabata ndi sabata, ndipo iye akadzabwera adzaigulitse kuti afolere nyumba yomwe ankamanga.

"Alamu," adatero pafoni, "galimotoyi ndikusiyirani inu chifukwa mudapitako ku yunivesite. Anyamata enawa angandiphere."

Sindidamukumbutse kuti ku yunivesiteko ndidasiyira panjira m'chaka chachiwiri. Nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina. Ndidangoti, "Musadandaule alamu, mudzaipeza monga mudaionera pachithunzi."

Ndipo kunena zoona, ndidaisamala. Oyilo ndinkasintha pa nthawi yake. Okwera sindinkawapanikiza ngati matumba a usipa monga amachitira anzanga ena. Wonyamula nsomba zaziwisi ndinkamuuza kuti azimangirire kunja. Koma chomwe ndinkanyadira kwambiri chidali ukhondo. Madzulo aliwonse ndikamaliza ntchito ndinkatenga malaya akale n'kupukuta fumbi lonse, galimoto ili youma. Lamulungu ndinkaitengera kunyanja masana, n'kugula kapaketi ka sopo waufa wochapira zovala, mnyamata n'kuikhula mpaka thovu kuti mbuu. Tikatha tinkaisiya padzuwa kuti iume yokha. Mnzanga wina atandiuza kuti kupaka dizilo pang'ono kumawalitsa galimoto, ndidapakanso dizilo. Sindidafunse munthu aliyense. Nanga kutsuka galimoto n'kofunsa? Si mwana aliyense amadziwa?

Mlamu adabwera mu Disembala 2023. Mudzakumbukira kuti mwezi wa Novembala chaka chimenecho kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, itagwanso kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Kuitanitsa galimoto kunja kudali kutakwera mtengo zedi, choncho aliyense yemwe adali ndi galimoto yabwino m'manja ankayembekezera kugulitsa bwino. Koma malata ndi simenti nazonso zidali zitakwera, ndiye tambala iliyonse idali ndi ntchito yake.

Wogula adachokera ku Lilongwe, bambo wamkulu wosalankhulalankhula. Adaliza injini, n'kumvetsera, n'kugwedeza mutu movomereza. Adayang'ana matayala ndi mipando, zonse bwino. Kenaka adapempha kuti tiisunthire padzuwa. Adaizungulira kawiri. Adakwera pamwala, n'kusisita denga ndi chala, chala n'kubwerako choyera ngati wagwira choko.

"Injini ndi yabwino," adatero. "Koma galimotoyi yapsa. Ndikagula ndiyenera kukaipentetsa yonse."

Ndipo pomwepo ine ndidaiona galimotoyo koyamba ndi maso a mlendo. Denga lidali ndi zigamba zotuwa, pena likusupuka ngati khungu la munthu wodwala chikanga. Boneti idali ndi timizere tambirimbiri tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Buluu uja adali atasanduka mtundu wa phulusa. Poti ndinkaiona tsiku ndi tsiku, sindidazindikire kuti ikufa pang'onopang'ono, monga kholo silizindikira kuti mwana akuwonda mpaka atanena ndi mlendo.

Bambo uja adachotsa mtengo wopentetsa, ndipo ndalama yomwe adachotsayo idali ya malata a mbali imodzi ya nyumba. Mlamu sadandikalipire. Bola akadandikalipira. Adangondiyang'ana n'kuti, "Alamu, mumaisunga pamoto kodi?" Mlongo wanga ndi ana ake atatu adatha dzinja limenelo m'zipinda ziwiri, mbali inayo mvula ikugwera m'kati, njerwa zikumera ndere.

Manyazi atachepa ndidapita kwa mdala wina yemwe amawongola ndi kupenta galimoto kuseri kwa msika. Ntchitoyi adaiphunzira ku Bulawayo ali mnyamata. Ndidamufotokozera zonse, kuyambira malaya akale mpaka dizilo. Adaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, iwe sunkatsuka galimoto. Unkaipala. Ukadatenga sandipepa bwenzi utamaliza msanga."

Zomwe adandiphunzitsa mdalayo, pamodzi ndi zomwe ndidakawerenga pambuyo pake, ndi izi.

Penti ya galimoto za masiku ano ili ngati anyezi, ili ndi zikopa. Pachitsulo penipeni pamakhala mankhwala oletsa dzimbiri ndi pulayima. Pamwamba pake pamabwera utoto womwe timauona, wofiira kaya wabuluu. Ndipo pamwamba pa zonse pamakhala vanishi woonekera ngati galasi, yemwe opentawo amangomutcha kuti kiliya. Kunyezimira konse kwa galimoto kumachokera pa kiliya ameneyu, ndipo ndi yemweyo amatchinga utoto kuti usapse ndi dzuwa. Tsono zikopa zonsezi mukaziphatikiza, kuchindikala kwake sikusiyana kwenikweni ndi pepala la m'kope la mwana wa sukulu. Kiliya yekha safika ndi theka lomwe la zimenezo. Ndiye kuti chuma cha mlamu wanga chinkatetezedwa ndi kachikopa kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, ndipo ine ndinkakakhula madzulo aliwonse.

Mdala uja adandiuzanso komwe kudachokera chizolowezi chathu chokhula galimoto ngati mphika. Peugeot 404 ndi ma Datsun omwe ankayendetsa makolo athu adalibe kiliya. Utoto wake udali umodzi basi, ndipo ukatuwa munthu ankaukhula ndi polishi, wakufayo n'kuchoka, wamoyo n'kuonekera pansi pake. Kupenta kokhala ndi kiliya pamwamba kudafala m'mafakitale m'zaka za m'ma 1980. Galimoto zidasintha, koma manja athu sadasinthe. Kiliya akatha, watha. Palibe wina pansi pake.

Kumbukiraninso kuti galimoto zomwe timati zatsopano kuno, kwawo ndi nkhalamba. Ku Japan galimoto imayenera kukayesedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula. Ambiri amaona kuti bola kuigulitsa. Ikamafika pa Songwe imakhala itatha zaka 10 kapena kuposa, kiliya wake atatopa kale. Zina zimachokera kumadera a chipale monga Hokkaido komwe amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo zimabwera dzimbiri litayamba kale kunsi. Ogulitsa amazipaka polishi zisanajambulidwe, ife n'kumati zangotuluka m'fakitale. Chikomekome cha nkuyu.

Tsono nkhalamba imeneyi timaibweretsa kuno ku Salima, komwe adani ake onse amakhala mudzi umodzi.

Mdani woyamba ndi dzuwa. Si mwangozi kuti malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 omwe adatsegulidwa mu 2021 adawamanga kuno ku Salima. Dzuwa lomwe likuyatsa mababu ku Lilongwe ndi lomwelo likuwotcha madenga a galimoto pasiteji. Kuwala kwake kuli ndi cheza chosaoneka ndi maso chomwe chimaphwanya kiliya pang'onopang'ono mpaka amafumbutuka n'kuyamba kusupuka. N'chifukwa chake denga ndi boneti ndizo zimayamba kufa, zitseko zidakali bwino. Mwezi wa Okutobala denga la galimoto yakuda limatha kutentha kupitirira madigiri 70. Mukathirapo madzi a sopo nthawi imeneyo amauma musanatsukuluze, n'kusiya madontho omwe amadya penti.

Mdani wachiwiri ndi mchenga. Mu 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, adayala miyala pamndandanda malinga ndi kulimba kwake, kuyambira 1 mpaka 10. Dayamondi ali pa 10. Mwala wa quartz, womwe ndiwo umapanga mchenga wambiri wa m'magombe, uli pa 7, pamwamba pa galasi la pazenera ndi mpeni wa kukhitchini. Mwa ichi mchenga umakanda galasi, nanji penti. Mphepo ya mwera ikamaomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti imamwaza timchenga timeneti pagalimoto paliponse. Munthu akatenga nsalu youma n'kupukuta, kamchenga kalikonse kamasanduka mpeni. Ndipo m'mphepete mwa nyanja, pomwe mafunde amasweka, ndi pomwe madzi amakhala ndi mchenga wambiri. Mnyamata akaviika chisanza pamenepo, kapena chikagwa pansi n'kungochikutumula, ndiye kuti akupala galimoto ndi manja awiri. Timizere tozungulira tija tidali ntchito ya manja anga ndi ake.

Mdani wachitatu ndi sopo. Sopo waufa adamupanga kuti achotse mafuta ndi thukuta m'zovala, ndipo ntchito yake amaidziwa. Pagalimoto amachotsa phula lililonse lomwe lidapakidwapo, n'kusiya kiliya ali maliseche padzuwa. Amaumitsanso mphira za m'mazenera mpaka zimang'aluka, madzi n'kumalowa m'zitseko, dzimbiri n'kuyambira m'kati. Dizilo uja amawalitsa tsiku limodzi, mawa lake amakoka fumbi lonse la mumsewu, ndipo nayenso amaononga mphira.

Adani ena ndi ang'onoang'ono koma oluma. Zitosi za mbalame zili ndi asidi, ndipo zikaphikidwa ndi dzuwa tsiku limodzi kapena awiri zimasiya chipsera chomwe sichichoka ndi madzi. Nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, tikafera paboneti n'kuumirapo timachitanso chimodzimodzi. Utomoni wa mitengo nawo umamata. Ndiye mthunzi wa mtengo wa mango womwe timauthamangira uli ndi mtengo wake: umakupulumutsa kudzuwa n'kukupereka kwa mbalame.

Ndidamufunsa mdala uja kuti nanga ndikadachita chiyani. Adandituma kukatunga madzi zidebe ziwiri, n'kundionetsa pagalimoto ya kasitomala.

Galimoto imatsukidwa m'mawa kapena madzulo, pamthunzi, chitsulo chitazizira. Usanaikhudze ndi nsalu uyambe waithira madzi ambiri kuchokera padenga kutsika pansi, kuti mchenga utsetsereke wokha. Chidebe chimodzi chikhale cha madzi a sopo, china cha madzi oyera. Ukapukuta chigawo chimodzi, nsalu uitsukuluze m'madzi oyerawo usanaibwezere m'sopo, kuti mchenga utsalire m'chidebe chachiwiricho. Ukadzayang'ana pansi pa chidebe chimenecho pomaliza udzaona zomwe zikadayenda papenti yako. Uyambe denga, umalizire kunsi komwe kuli matope, ndipo matayala akhale ndi nsalu yawoyawo. Nsalu ikagwa pansi, ntchito yake yatha tsiku limenelo. Usakanikize, ndiponso usazungulize dzanja, uzingoyendetsa molunjika. Sopo akhale wotsukira galimoto. Botolo lake limaoneka lodula, koma amathira kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri m'chidebe, ndipo limakhala miyezi. Pomaliza uipukute ndi nsalu yofewa isanaume yokha, makamaka ngati madzi ndi a pamjigo, poti mijigo ina kuno madzi ake ndi amchere ndipo amasiya mawanga oyera.

Zitosi ndi nkhungu sizidikira Lamulungu. Unyowetse kansalu, ukayale pamwamba pake kwa mphindi zingapo kuti zifewe, kenaka uzinyamule. Osazikanda ndi chikhadabo.

Kenaka adatulutsa kachitini. "Ichi ndiye sudachigule," adatero.

Phula la galimoto si la njuchi lomwe adadya Safunsa uja. Labwino kwambiri limachokera kumasamba a mtengo wa carnauba, wamtundu wa mgwalangwa, womwe umamera kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Brazil. Mtengowo umatulutsa phulali kuti masamba ake asaume ndi dzuwa la kumeneko, lomwe silisiyana ndi lathu. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 60 ndi pang'ono, pomwe la carnauba limapirira mpaka kupitirira 80. Lilipo lina lopangidwa m'mafakitale, lomwe nthawi zambiri limakhalitsa kuposa apo. Ntchito yake ndi imodzi: kukhala chikopa chongoyembekezera pamwamba pa kiliya, kuti dzuwa, zitosi ndi fumbi ziyambe zalimbana ndi icho. Chikatha umapaka china. Kiliya akatha umagulitsa malata.

Kapakidwe kake n'kosavuta. Galimoto ikhale yotsukidwa ndi youma, ili pamthunzi. Upake pang'ono kwambiri, chitseko chimodzi pa nthawi, udikire mpaka pachite mbuu, kenaka upukute ndi nsalu yoyera. Kupaka lambiri sikuteteza kwambiri, kumangotopetsa mkono. Kuno kotentha phula silikhala kupitirira miyezi iwiri kapena itatu. Ukafuna kudziwa ngati lidakalipo, uthire madzi paboneti. Akaundana timadontho ngati mikanda, lilipo. Akayala ngati pambale, latha.

Pali msampha umodzi womwe mdalayo adandichenjeza. M'sitolo timangoti polishi, koma zitinizo ndi zamitundu iwiri. Phula limawonjezera chikopa. Polishi weniweni, makamaka wokhakhala uja, amapala kiliya kuti timizere tisaoneke. Galimoto imawala ndithu, koma nthawi iliyonse yomwe yapalidwa kiliya amachepa. Wogwiritsa ntchito polishi wotero mwezi ndi mwezi akufupikitsa moyo wa penti yake ndi ndalama zake zomwe. Ndipo kiliya akayamba kusupuka monga zidachitikira ya mlamu, palibe chitini chomwe chingamudzutse. Kwatsala n'kupentetsa basi.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akuti, "Anthu akusowa chimanga, iwe ukutiuza za phula?" Funso labwino. Koma tayang'anani omwe ali ndi ma Sienta ndi ma Probox pasiteji. Si mabwana a ku Area 10. Ndi aphunzitsi omwe adatenga ngongole, amayi amasiye omwe adaika ndalama zonse za malemu pa galimoto imodzi, anyamata omwe akugona asanu m'chipinda ku Joni. Kwa anthu otere galimoto ndi munda, ndi khola la ng'ombe, ndi banki. Bwana galimoto yake imagona m'galaja. Ya mphawi imagona panja ndipo imagwira ntchito padzuwa tsiku lonse. Ndiye wofunika phula kwambiri ndani pamenepa?

Tsono nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe idandipweteka mochedwa. Thovu lija, dizilo uja, oyilo ndi gilisi zomwe zinkachoka kunsi kwa injini, zonse zija zinkapita kuti? Zinkapita kwa amayi aja otsuka mbale ndi ana aja osambira. Ndinkaona ndithu utawaleza wa mafuta ukuyandama pamadzi, koma ndinkati nyanja ndi yaikulu, imeza.

Nyanja ya Malawi ndi yaikuludi, yotalika makilomita oposa 550, ndipo ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi. N'chifukwa chake bungwe la UNESCO lidaika paki ya nyanjayi pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo zilumba za Maleri zomwe zili kuno kwathu ndi gawo la paki imeneyo. Koma nyanjayi ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ambiri omwe imataya amachoka ngati nthunzi, osati kudzera mu Shire. Nthunzi sinyamula oyilo. Chomwe mwathiramo chimakhala momwemo nthawi yaitali. Komanso m'mbali mosaya momwe timaimika galimoto ndi momwe tiana ta chambo timakulira, m'mabango ndi m'maudzu. Mu 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Senga Bay, pamalo pomwe ndinkaimika galimoto padamira, ndipo mafuta onse omwe adalowa mumchengamo nyanja idawatenga.

Sindikunena kuti otsuka galimoto ndiwo adamaliza chambo. Limenelo lingakhale bodza. Chambo chachepa chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso aang'ono kuphatikizapo masikito omwe amakokolola ndi tiana tomwe, komanso matope omwe Linthipe ndi mitsinje ina imabweretsa kuchokera kumtunda komwe mitengo idatha. Galimoto ndi kadontho chabe pa mavuto amenewa. Koma ndi kadontho komwe tingakaletse mawa m'mawa popanda kudikira thandizo lochokera kunja. Ndipo anzathu a ku Lilongwe omwe amabwera Loweruka kudzatsukitsa galimoto kunyanja akumbukire kuti kuyambira cha m'ma 2016 pakhala dongosolo lopopa madzi a nyanja yomweyi kuchokera ku Salima kupita mumzinda wawo.

Choseketsa n'chakuti kulowetsa galimoto m'nyanja kumapweteka galimoto yomweyo. Madzi ndi mchenga zimalowa m'mabuleki ndi m'mabeling'i a matayala, ndipo mchenga wonyowa ukakhala m'makona a kunsi dzimbiri limapeza nyumba. Nyanja ikuluza, galimoto ikuluza, wopindula palibe.

Malamulo alipo. Lamulo la za madzi la 2013 ndi lamulo losamalira chilengedwe la 2017 onse amaletsa kuthira zoipitsa m'madzi. Koma tonse tikudziwa kuti kuno kwathu lamulo limakhala m'kabati ku Capital Hill, ndipo kugombe kulibe kabati. Chomwe chimagwira ntchito kunyanja tili nacho kale chitsanzo chake m'boma lomwe lino. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Pachilumbapo saloleza mowa kapena juga. Sadadikire kalata yochokera ku Lilongwe. Mfumu ndi anthu ake adagwirizana, ndipo wophwanya amalangidwa ndi anzake omwe amamudziwa. Ngati anthu angathe kusiya nsomba m'madzi miyezi ingapo njala ili m'nyumba, angalephere kuuza dalaivala kuti aimike galimoto yake kutali ndi madzi?

Chomwe sindikufuna kuona ndi apolisi akuthamangitsa anyamata otsuka galimoto aja. Anyamatawa sakuba. Ambiri adalekeza sukulu monga ine, kungoti iwo adalekezera kumunsi, ndipo chisanza chija ndicho chimagula ufa kunyumba. Amatsukira m'nyanja chifukwa madzi ndi aulere ndipo palibe adawapatsa malo ena. Khonsolo ya Salima, mafumu ndi makomiti a m'madoko angathe kupatula malo kumtunda, kutali ndi madzi, pomwe pangathiridwe simenti ndi kukumbidwa dzenje la miyala ndi mchenga lomwetsa madzi akuda. Pakhale kadenga ka mthunzi. Eni malo ogona alendo, omwe malonda awo ndi gombe loyera, angathandizepo matumba angapo a simenti osamva kuwawa. Ndipo anyamatawo aphunzitsidwe zomwe ndidaphunzira ine kwa mdala uja. Sizitenga tsiku lathunthu. Mnyamata wodziwa zidebe ziwiri ndi kapakidwe ka phula angathe kutchula mtengo woposa wa mnzake wa chisanza, ndipo mwini galimoto wanzeru adzalipira mosanyinyirika.

Ifenso eni ndi oyendetsa tisiye kukakamira mtengo wotsika. Timapereka ndalama yosakwana ndi botolo la fanta, n'kumayembekezera kuti mnyamata agule sopo wabwino ndi nsalu zitatu. Ndalama yomwe ndinkasunga Lamulungu lililonse pogula sopo wochapira ndidakaibweza yonse tsiku limodzi pamaso pa bambo wa ku Lilongwe uja, ndi chiwongoladzanja chake.

Za malata aja, ndidalipira. Zidanditengera miyezi 14, kuchokera pa tindalama ta nkhani ngati ino ndi maganyu olembera anthu makalata. Mlamu adakana kawiri, kachitatu mlongo wanga adalandira iye asakudziwa. Nyumba idafoleredwa. Panopa ndimayenda pa kabaza, ndipo sindidandaula.

Sabata yatha ndidadutsa pagombe lija. Padali Sienta ina, yofiira, yongofika kumene, mapepala a padoko adakali pagalasi. Matayala akutsogolo adali m'madzi. Mwini wake, mnyamata wa msinkhu wanga, adali pamthunzi womwe ndinkakhala ine. Ndidamuyandikira n'kumupatsa moni.

"Achimwene, galimotoyi ndi yanu?"

"Ndi ya akulu anga, ali ku Cape Town," adatero monyadira. "Andisiyira ine kuti ndiziisamala."

Ndidakhala pansi pambali pake n'kumupempha kuti auze mnyamata uja ayambe waima kaye.